SITIMA YAIMA, PALIBE WONENA CIFUKWA

Anthu amene anamanga midzi yao m'mbali mwa njanji, kuyambira ku Livingstone kufikira ku Migodi, aidziwa bwino sitima ya katundu. Imamveka iri kutali, nthaka ninthunthumira pang'ono, ndipo ana amasiya masewera ao kuti akawerenge ngolo zace. Zina zasenza malasha, zina mkuwa, zina cimanga kapena fataleza, ndipo zina ziri kubwerera zopanda kanthu. Akulu omwe, ngakhale sanena, amaimika khasu kufikira ngolo yotsiriza itapita. Koma tsiku lina sitima yomweyo ifika pa malo opatukirapo pakati pa thengo, niima. Dzuwa lipendeka iri pomwepo, kuca m'mawa iri pomwepo. Nthawi zina papita masiku njanji iri zii, osamveka sitima ndi imodzi yomwe. Palibe kalata yokhomedwa pa mtengo, palibe mthenga wodzanena cimene cacitika. Sitima ya anthu ikacedwa, okweramo amadandaula kufikira wina awayankha. Koma matumba a fataleza alibe pakamwa.

Cinthu ici cioneka cacing'ono, koma cibala mafunso awiri oyenera kuwalingalira. Loyamba ndi ili: munthu amene aona kucedwa, osadziwa cifukwa cace, acite ciani ndi mtima wace ndi lilime lace? Laciwiri ndi ili: munthu amene adziwa cifukwaco, kodi ali ndi mangawa kwa iwo akudikira, kapena ali ndi ufulu wakukhala cete? Mafunso awa sali a njanji yokha. Apezeka pa khomo la cipatala, pa bwalo la mfumu, pa zenera la malipiro, ndi m'nyumba ya mkazi amene mwamuna wace anapita ku nchito naleka kutumiza mau.

Diso liona pafupi

Poyamba kuyenera kudziwa m'mene njanji igwirira nchito yace. Njanji inafika pa Victoria Falls m'caka ca 1904, ulalo waukuru unatha mu 1905, ndipo mu 1906 sitima inalowa mu Broken Hill, mudzi umene lero ndi Kabwe. Pofika 1909 inali itafika ku malire a Congo. Lusaka yemwe anayamba mu 1905 monga malo opatukirapo masitima. Kucokera ku Livingstone kufika ku Kitwe pali makilomita oposa 800, ndipo pafupifupi ponseponse njanjiyo ndi imodzi. Sitima yopita kumpoto ndi sitima yopita kumwera ziyenda pa zitsulo ziwiri zomwezo. Sizingapatukirane monga acitira anthu m'njira ya kumunda. Ziyenera kukomana pa malo okonzedweratu, pamene pali kanjanji kaciwiri ka m'mbali. Yoyamba kufika ilowa m'mbalimo nidikira inzace. Inzaceyo ikacedwa maora asanu, iyinso iima maora asanu, ndipo yacitatu ya m'mbuyo mwace iimanso pa malo ace.

Zocedwetsa ziri zambiri, ndipo zocuruka za izo zicitikira kutali ndi maso a wopenya. Mvula ya mu Januwale ikokolola dothi pansi pa njanji, ndipo anchito ayenera kudzazapo sitima isanapite. Dzuwa la mu Okutobala litenthetsa zitsulo kufikira zifutukuka ndi kupindika, kotero kuti sitima iyenera kukwawa kapena kuima. Pozungulira gudumu la ngolo imodzi pakatentha, ngoloyo iyenera kucotsedwa isanagwetse zinzace. Mutu wa sitima ukafa pakati pa masiteshoni awiri, njira yonse yatsekeka kufikira mutu wina udze kudzaukoka. Oyendetsa akatha maora ao a nchito, lamulo liwaletsa kupitirira ali ndi tulo m'maso. Pa malire a maiko mapepala a katundu ayenera kupendedwa. Masiku a masitima otentha malasha, mutu unkafuna madzi pa njira, ndipo thanki la pa siteshoni likauma, ulendo unkathera pomwepo.

Tsono sitima yoima pa thengo kawiri kawiri iri kumvera lamulo losunga moyo. Woyendetsa akapitirira wopanda cilolezo angagundane ndi mnzace pa mpindo, ndipo pamenepo mwambi wakuti kuthamanga sikufika udzanenedwa pa maliro. Iye mwini nthawi zambiri wauzidwa liu limodzi lokha, lakuti aime. Cifukwa cace ciri ndi munthu wina, woyang'anira mayendedwe a masitima onse, amene akhala kutali mu ofesi. Wopenya ataimirira pa culu aona makilomita awiri mwa 800 aja. Akaweruza njanji yonse ndi kacidutswa kameneko, aweruza monga munthu wosuzumira pa kaboo ka citseko nanena za m'nyumba monse.

Mtima sukonda funso lopanda yankho

Apa pali ngozi yoyamba. Mtima wa munthu sukhoza kusunga funso nthawi yaitali popanda yankho. Ukasowa coona, udzipangira cace. Wina ati woyendetsa waledzera. Wina ati katundu wabedwa ndipo akulu ali kubisa. Wina ati nkhondo yayandikira. Woyamba ayamba ndi liu lakuti "kapena". Waciwiri acotsapo liulo. Wacitatu alumbira kuti anaona ndi maso ace. Pofika madzulo munthu wosalakwa waipitsidwa dzina m'midzi itatu, ndipo wa sitolo wakweza mtengo wa mcere cifukwa ca nkhondo imene kulibe. Sitima idzacoka m'mawa, koma mbiri yoipayo idzatsala, pakuti madzi akatayika saoleka.

Cifukwa cace wopenya ali ndi mangawa atatu. Oyamba ndiwo kusiyanitsa cimene waona ndi cimene waganiza. Waona sitima yoima. Kuledzera kwa woyendetsa sanakuone, ndipo akakunena wacita umboni wonama ngakhale sanaimirire pa bwalo. Aciwiri ndiwo kufunsa kwa iye amene ayenera kudziwa, mwaulemu ndi mosaopa, pakuti safunsa anadya phula. Acitatu ndiwo kudekha kufikira coona cituruke, monga akulu ananena kuti kuona maso a nkhono nkudekha. Munthu wokhoza kunena kuti "sindidziwa" pakati pa anzace onena zambiri ali ndi mphamvu imene ambiri alibe.

Kudekha sikutha mlandu wonse

Akulu ambiri akafika apa amatseka nkhani, nati wodikira adekhe basi. Mau amenewo ali oona, koma ali mbali imodzi ya mlandu. Ndipo mfumu yoweruza itamva mbali imodzi siweruza bwino. Mbiri ya njanji ya dziko lino ionetsa kuti kucedwa kwina kucokera ku maganizo a anthu, ndi kuti mtolo wace ugwera iwo amene sanafunsidwe.

Dziko la Zambia liribe doko la pa nyanja ya mcere. Katundu wace ayenera kudzera m'maiko a eni. Pa 11 Novembala 1965 boma la Ian Smith ku Rhodesia linalengeza lokha kuti ladziimira, ndipo njanji imene inkabweretsa malasha a ku Wankie ndi kuturutsa mkuwa inasanduka cingwe ca pakhosi. Mu 1967 kampani ya Rhodesia Railways inagawidwa, Zambia Railways niyamba nchito payokha. Mu Januwale 1973 Smith anatseka malire. Ndipo pamene anafuna kuwatsegulanso patapita masabata owerengeka, President Kenneth Kaunda anasankha kuti akhalebe otseka, dziko lifune njira zina. Mu 1975 njanji ya Benguela, yopita ku doko la Lobito, inatsekeka ndi nkhondo ya ku Angola. Caka comweco njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi, inatha kumangidwa ndi cithandizo ca dziko la China. Koma doko la Dar es Salaam linadzaza, ngolo zinacepa, katundu naunjikana. Mu Okutobala 1978 Kaunda anatsegulanso njira ya kumwera kwa masitima, ndipo cifukwa cacikuru cinali fataleza amene anali asanafike pamene mvula inali pafupi.

Mlimi wa ku Katete kapena ku Petauke, kumene njanji siinafike, sanazione sitima zimenezo, koma kucedwa kwace kunampeza m'munda. Mvula siidikira mapepala a pa doko. Fataleza wofika cimanga citamasula kale ali monga mankhwala ofika maliro atatha.

Tsono pafunika kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza, ndizo kucedwa ndi kukhala cete. Kucedwa kungakhale kopanda wolakwa, pakuti palibe munthu alamulira mtsinje wosefukira. Koma kukhala cete kuli ndi mwini wace nthawi zonse: alipo munthu amene adziwa, amene akadatha kunena, ndipo wasankha kusanena. Zotayika nazo zisiyana. Mlimi wouzidwa mu Okutobala kuti fataleza sadzafika mwezi umenewo ali ndi pocitira. Atuta manyowa a m'khola, acepetsa munda wa cimanga, abzala nshawa kapena mbatata. Mlimi wosauzidwa ayenda ku depoti tsiku ndi tsiku, nasiya munda wosalimidwa, kuopa kuti anzace angalandire iye palibe. Woyambayo wataya fataleza. Waciwiriyo wataya fataleza ndi masiku omwe. Masiku amenewo sanapite ndi mtsinje. Anawadya munthu uja amene anakhala cete.

Palinso cina coposa masiku. Kuuza munthu cifukwa ndiko kumuyesa wanzeru, wokhoza kumva ndi kudzikonzera njira. Kumsiya adikire wosauzidwa ndiko kumuyesa thumba la m'ngolo, limene likhala pamene laikidwa. Ndico cifukwa anthu amapirira tsiku lathunthu akauzidwa bwino, koma amapsa mtima pa ora limodzi akaona kuti wa pa zenera awapenya monga sawaona. Nthawi iwawa pang'ono. Kupeputsidwa kuwawa kopambana.

Zowiringula zitatu

Okhala cete ali ndi zowiringula zao, ndipo ziyenera kumvedwa mwacilungamo. Coyamba ncakuti iwo omwe sadziwa. Ici cicitikadi, mkulu wa siteshoni yaing'ono angakhale mumdima monga anthu a m'mudzi. Koma kusadziwa nako ndi nkhani yoyenera kuinena. Iye amene anena kuti sanamve kanthu, ndipo kuti adzafunsa nanena cimene wamva pa tsiku lakuti, wabweza mangawa ace. Wolakwa ndiye amene abisa kusadziwa kwace ndi liu lakuti "mawa," nalibwereza masabata atatu. Liu limenelo ndi bodza lobvala cifundo, ndipo limanga munthu pa khomo kopambana kukhala cete kumene.

Caciwiri ncakuti zifukwa zina siziyenera kuululidwa. Icinso ncoona. Masiku a nkhondo, kunena nthawi imene sitima idzaoloka ulalo ndiko kuitana adani. Ndipo kulengeza pamene paima ngolo za mkuwa ndiko kuitana mbala. Koma kubisa cifukwa kusiyana ndi kubisa kuti pali kucedwa. Munthu angathe kunena kuti pali cobvuta cimene saloledwa kucifotokoza, ndi kuti katundu sadzafika sabata lino. Potero cinsinsi casungidwa, ndipo wodikira wamasulidwa kuti apite ku nchito yace.

Cacitatu ncakuti anthu akauzidwa coona adzakwiya. Ici ndico cowiringula ca mantha. Inde adzakwiya, koma mkwiyo wa munthu wouzidwa coona utha msanga, ndipo usiya ulemu m'mbuyo mwace. Mkwiyo wa munthu wozindikira yekha kuti anabisidwa ukhalitsa. Ndiponso, monga kwaoneka kale, pamene coona sicinanenedwe mphekesera ilowa m'malo mwace. Kotero wokhala cete ali ndi gawo pa bodza limene iye mwini adandaula nalo. Munda wosabzalidwa sukhala wopanda kanthu, umera udzu.

Cipiriro cisasanduke cobisalamo

Pa nkhani iyi anthu a mpingo ayenera kucenjera, cifukwa cipiriro ciri pakati pa zokoma zimene aphunzitsidwa, ndipo cokoma ciri conse cingagwiritsidwe molakwa. Kudikira Mulungu, amene nzeru zace zipitirira za anthu, ndi cinthu cimodzi. Kudikira munthu mnzace amene waiwala, kapena wacita ulesi, kapena afuna kanthu ka m'manja, ndi cinthu cina. Yosefe anakhala m'ndende ya ku Aigupto zaka ziwiri zina cifukwa woperekera cikho wa Farao anamuiwala. Kuti zinatha bwino pambuyo pace sikucotsa kulakwa kwa woiwalayo, ndipo iye mwini anabvomera kulakwako pamaso pa Farao. Munthu wa pa udindo amene auza wosauka kuti apirire, pamene kalata ya wosaukayo iri cigonere pa tebulo lace, watenga mau oyera nawasandutsa cophimbira ulesi wace.

Cimene citayika potsiriza

Anthu a Kum'mawa ali ndi citsanzo ca kwao. Nchito yolumikiza Chipata ndi njanji ya ku Malawi pa Mchinji inayambidwa mu 1982, pa mtunda wosakwana makilomita 30. Njanjiyo inatsegulidwa mu Ogasiti 2010, patapita zaka 28. Mwana wobadwa caka cimene nchito inayamba anali kholo la ana pamene sitima inafika. Ndipo ngakhale itatsegulidwa, masitima a katundu sanayende kawiri kawiri monga anthu anayembekezera.

Kudikira kotere kubala cipatso cace. Poyamba anthu afunsa. Pambuyo pace aseka. Potsiriza aleka kufunsa ndi kuseka komwe, nayesa lonjezo liri lonse mphepo cabe. Amalonda nao, pokhala sadziwa tsiku limene ngolo idzafika, apereka katundu wao kwa magalimoto akuru a pamseu, ngakhale mtengo ukhale wokwera, cifukwa woyendetsa galimoto angathe kunena pamene ali. Katundu wolemera atacurukira m'miseu, mu 2018 boma linaika lamulo lakuti magawo 30 mwa 100 a katundu wotere adziyenda pa njanji. Lamulo lingakankhe katundu, koma cikhulupiriro ca anthu sicibwera ndi lamulo. Cibwera pang'ono pang'ono, pamene mau onenedwa dzulo apezeka oona lero. Njanji yokokoloka ikonzeka m'masiku owerengeka. Kukhulupirirana kukatha, zaka zipita kusanabwerere.

Nyali yofiira

Nkosabvuta kuloza cala kwa a njanji ndi a boma. Koma munthu ali yense amene lero aimirira kupenya sitima ya eni, mawa ali mkulu wa siteshoni kwa wina. Mwamuna wa ku tauni amene nchito yamthera, naleka kutumiza mau kwao cifukwa ca manyazi, asiya mkazi wace alikuwerenga miyezi ndi kumva zonena za anthu. Wokongola ndalama amene sangathe kubweza pa tsiku lopangana, nayamba kulambalala njira ya kwa mwini ndalama, aonjeza cipongwe pa mangawa. Mwini munda amene acedwetsa malipiro a waganyu osanena kanthu agoneka ana a mnzace ndi njala yosadziwika mathero ace. Nyakwawa imene isunga mlandu wa malire a munda kufikira mvula igwa, mmisiri amene asunga njinga ya mnzace miyezi itatu, akulu a mpingo amene asunga nkhani ya Mkristu woimitsidwa caka cathunthu osamuitana, onsewa aimika sitima pa thengo nazima nyali.

A njanji ali ndi lamulo lakale limene liyenera kuphunziridwa m'mudzi muli monse. Sitima ikafa pakati pa masiteshoni awiri, nchito yoyamba siinali kukonza mutu. Mlonda wa sitima ankatsika, natenga mbendera yofiira usana kapena nyali yofiira usiku, nayenda pansi kubwerera m'mbuyo mtunda ndithu, naika pa citsulo tizinthu tophulika tikapondedwa ndi gudumu, kuti sitima yobwera m'mbuyo imve niime. Ankatero ngakhale kuli mvula, ngakhale kuli zirombo, ngakhale iye mwini sadziwa cimene cafa. Amene anaika lamuloli anazindikira kuti kuima pa njira sikupha munthu. Copha ndico kuima osacenjeza wa m'mbuyo.

Cifukwa cace mayankho a mafunso awiri aja ayenda pamodzi. Wodikira asunge lilime lace, afunse kwa woyenera, ndipo asaweruze njanji yonse ataima pa culu cimodzi. Wocedwetsa, kaya walakwa kaya sanalakwe, atenge nyali yace msanga napite kwa iye amene ali kumdikira, akanene cimene adziwa, cimene sadziwa, ndi tsiku limene adzabwera ndi mau ena. Kucita ici sikufuna ndalama kapena maphunziro. Kufuna kudzicepetsa kwa munthu wolola kuonekera pamaso pa mnzace manja ali opanda kanthu, ndi kunena coona cimene ali naco.